Grasshopper ya Tamiya yotulutsidwanso mu 2005: kodi ingathandize kukonzera yakale?

Munthu amene wapeza kagalimoto koyendera rimoti ka Grasshopper ka m'zaka za m'ma 1980, kali kothyokathyoka komanso kodzaza fumbi, amafuna kudziwa kumene angapeze masipeya. Kampani ya Tamiya ya mumzinda wa Shizuoka ku Japan inatulutsa kagalimotoka koyamba mu 1984, ndipo mu 2005 inakatulutsanso pa nambala 58346. Bokosi latsopanoli ndi limene ndikuliunika pano ndi diso la munthu wofuna kuukitsa kagalimoto kakale. Ndaona kuti ndi lothandiza kwambiri, koma lachititsanso kuti kuzindikira Grasshopper yeniyeni ya 1984 kukhale kovuta.

Kagalimoto kamabwera kosamanga, ndipo mwini wake amalumikiza yekha chilichonse potsatira buku la malangizo, lomwe zithunzi zake n'zomveka bwino moti zimasonyeza kukula kwenikweni kwa sikuluwu iliyonse. Kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni. Kukula kwake ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a galimoto yeniyeni, kamakoka ndi matayala akumbuyo okha, mota yake ndi yaing'ono ija ya 380, ndipo mashoko ake ndi masipuling'i chabe opanda oyilo. N'chifukwa chake kamadumphadumpha ngati chiwala pamalo a mabampu, ndipo amene akufuna liwiro ndi kukhazikika sangakhutire nako. Kwa wokonza zakale kusasinthaku n'kumene kuli phindu, chifukwa magiya, manja a matayala akutsogolo, bampala ndi marimu a zidutswa zitatu zimalowa pa kagalimoto kakale popanda kusema kapena kuboola. Pulasitiki imene yatha zaka makumi anayi imauma n'kumathetheka, makamaka pamene pamalowa masikuluwu, ndipo matayala akale amang'aluka ngakhale atasungidwa m'kabati. Kale munthu ankagula kagalimoto kena kowonongeka kuti achotseko chidutswa chimodzi, koma lero bokosi limodzi limamupatsa zonse zili zatsopano.

Kusiyana kumene kulipo n'kofunika kukudziwa bwino, chifukwa n'kumene kumathandiza kuzindikira chakale. Bokosi ndi buku la malangizo la mu 1984 zinali ndi nambala ya manambala anayi, 5843, imene pambuyo pake inayamba kulembedwa kuti 58043. Yakale inkasintha liwiro ndi chipangizo chochita kukankhidwa ndi servo (kamota kamene kamasuntha potsatira rimoti), chokhala ndi resistor (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi) yoyera imene inkatentha kwambiri moti inkatha kuwotcha chala, pamene yatsopano inakonzedwa kuti izigwiritsa ntchito chipangizo chamagetsi chotchedwa ESC. Masitika nawonso anasintha, pakuti akale anali ndi mayina a makampani enieni a zamipikisano ya magalimoto, ndipo pa atsopano ena mwa mayinawo anachotsedwa n'kuikapo ena. Rimoti sinkabwera m'bokosi, koma ngati kagalimoto kali ndi cholandirira mauthenga cha 27MHz chogwiritsa ntchito ma crystal (tizidutswa tosankhira tchanelo cha rimoti), chimenecho n'chizindikiro china chakuti kanamangidwa kale, ngakhale kuti pachokha si umboni wokwanira. Muyeneranso kusamala kuti musasokoneze Grasshopper ndi Hornet, galimoto ina ya Tamiya imene inatulukanso mu 1984 ndipo imafanana nayo kwambiri kunsi. Hornet ili ndi mota yokulirapo ya 540, mashoko a oyilo kumbuyo, ndi bodi yopyapyala ya pulasitiki yopindika yotchedwa polycarbonate, pamene bodi ya Grasshopper ndi ya pulasitiki yolimba yomangidwa ndi masikuluwu.

Apa m'pamene ndili ndi nkhawa. Popeza masipeya atsopano amalowa mosavuta, pamsika wa pa intaneti pali tigalimoto tambiri tosakaniza, tomwe chesisi (chimango chapansi pamene pamamangidwa zonse) ndi yakale koma china chilichonse n'cha mu 2005 kapena pambuyo pake, ndipo ena amatigulitsa ngati takale tathunthu. Kusakanizako si kulakwa ngati cholinga n'chakuti kagalimoto kayendenso, koma wogulitsa ayenera kunena zimene anasintha. Ine ndimakonda kusunga bodi, woyendetsa wake wapulasitiki uja, marimu ndi chosinthira liwiro chakale ngati zili bwino, n'kuika zatsopano pamene pamadyeka mwachibadwa, monga magiya ndi matayala. Zidutswa zakale zochotsedwazo ndi bwino kuzisunga m'kathumba pamodzi ndi kagalimoto.

Zofooka za bokosili zilipo. Tamiya inasiyamo ma bushing apulasitiki (timphete timene mumazungulira mashafuti), omwe amadyeka msanga mchenga ukalowa, choncho ndi nzeru kugula mabering'i musanayambe kumanga, ambiri mwa iwo a saizi ya 1150, kutanthauza mamilimita 5 mkati ndi 11 kunja. Chitseko cha batire, chimene chili kunsi kwa chesisi, chimatsegukabe chokha kagalimoto kakatera mwamphamvu, ndipo batire imagwa n'kumakokedwa ndi mawaya. Vutoli linali lodziwika kuyambira kale, ndipo ndikuona kuti kampani ikanatha kulikonza popanda kuwononga maonekedwe. Malo a batire anapangidwira mabatire a 7.2V obulungira m'mbali, motero mabatire ena amakono a mtundu wa LiPo a makona anayi salowa.

Pogwira ntchito, gwiritsani ntchito sikuludiraiva ya JIS (yopangidwa motsatira muyezo wa ku Japan), chifukwa ya Phillips imaterereka n'kuwononga mitu ya masikuluwu a ku Japan, makamaka akale amene agwira dzimbiri. Pobwezera sikuluwu pa pulasitiki yakale, yambani mwaitembenuzira kumanzere mpaka ikhale m'mizere yake yakale, kenako mumange pang'onopang'ono kuti isadule mizere ina. Bodi yolimbayi imafuna penti ya Tamiya ya mtundu wa TS, pamene ya PS ndi ya mabodi a polycarbonate.

Kwa munthu amene Grasshopper yake yakale ikusowa zidutswa zambiri, kugula bokosi lathunthu kuli bwino kusiyana n'kusaka chidutswa chimodzichimodzi, ndipo zotsala zingathandizenso pa Hornet. Amene akufuna kubwezera kagalimoto m'maonekedwe enieni a 1984 adzafunikabe kusaka masitika akale ndi chosinthira liwiro chakale kwina, chifukwa m'bokosili mulibe.