Mpira uyamba nthawi yanji: dekoda, foni kapena chithunzi cha pa WhatsApp?

Anzanga a ku Chibavi ndi ku Luwinga, funso lanu la Loweruka lililonse ndiliyankhe pano kamodzi, chifukwa landitopetsa.

Zomwe ndimadana nazo ndi zithunzi za ndandanda wa masewero zomwe zimazungulira m'magulu a WhatsApp. Sizinena kuti nthawiyo ndi ya dziko liti. China wakonza ndi munthu wa ku Lagos, komwe ali m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi, china chachokera ku Dar es Salaam, komwe atitsogolera ndi ola limodzi.

Zopweteka zenizeni ndi za nthawi ya ku England, chifukwa kumeneko wotchi amaisuntha kawiri pachaka pomwe ife sitiikhudza. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi timasiyana nawo ndi ola limodzi, ndiye mpira wa 3 koloko ku Manchester kuno ndi 4 koloko. Likakwana Lamulungu lomaliza la Okutobala timasiyana ndi maola awiri, mpira womwe uja nkukhala wa 5 koloko. Champions League nayo imachoka pa 9 koloko usiku kupita pa 10. Wina pagulu lathu anawonjezera maola awiri mu Epulo, mwachizolowezi, natumiza chithunzi chokongola bwino. Tinakwera kabaza mvula ya Mzuzu ikutikwapula, pakhomo tinalipira yonse, kulowa mkati anthu akuonera chigawo chachiwiri. Mpaka lero sanapepese.

Ma app a mpira a pa foni ali bwinoko, amatembenuza okha nthawi. Koma amatsata wotchi ya foniyo, ndiye ngati munaigula yogwiritsidwa kale ntchito kunja, onani kuti yatchedwa pa Blantyre, Harare kapena Maputo. Bandulo nayo amadya ndithu.

Ine ndili ku dekoda. Ndandanda wa pa DStv kapena GOtv ndimangowerenga momwe walembedwera, ndipo zolengeza za SuperSport zikalemba CAT ndiye nthawi yathu imeneyo. Ku South Africa wotchi yawo ndi yathu yomweyi chaka chonse. Chovuta nchakuti nthawi zina zomwe zalembedwazo ndi poyambira akatswiri kukambirana mu situdiyo, osati wezulo yoyamba, komanso magetsi akathima mulibe poonera.

Okonda nkhani za pa BBC, mukaona GMT, nthawi yoyezera ya dziko lonse yomwe saisuntha, wonjezerani maola awiri, kaya ndi Juni kaya Disembala. Chithunzi chopanda CAT kapena GMT pambali pa nthawi musanditumizirenso.