MQTT kapena RabbitMQ: n'chiti chimapirira netiweki yakumudzi?

Anzanga olemba mapulogalamu, chaka chatha ndinapangira gulu lina logula soya ndi nshawa pulogalamu yoti kalaliki wa pa depoti ku Chadiza, Katete kapena Lundazi akayeza thumba, uthenga uzifika ku ofesi ku Chipata. Ndinayesa njira ziwiri zotumizira mauthenga pakati pa mapulogalamu: MQTT ndi RabbitMQ.

MQTT anaipanga Andy Stanford-Clark wa ku IBM ndi Arlen Nipper mu 1999, kuti aziyang'anira mapaipi a mafuta kudzera pa satelayiti, pomwe baiti iliyonse inkadya ndalama. N'chifukwa chake ndi yopepuka: mutu wa uthenga umatha kukhala mabaiti awiri okha. Pa foni yotchipa, netiweki ikungobwera n'kupita, uthenga umadutsabe ndipo bandulo sathera pamenepo.

Koma samalani posankha QoS, mlingo wa MQTT wotsimikizira kuti uthenga wafika. QoS 0 imaponya uthenga osacheukanso. QoS 1 imabwereza mpaka broker (seva yolandira ndi kugawa mauthenga) atavomera kuti walandira, ndipo apa m'pamene ndinapsa. Tsiku lina netiweki inaduka uthenga utafika kale koma yankho lisanabwerere. Foni inatumizanso, thumba limodzi la makilogalamu 50 n'kulembedwa kawiri. Madzulo mabuku sanagwirizane ndi matumba a m'shedi, ndipo anthu anayamba kumuyang'ana ndi diso loipa kalaliki wosalakwa. Zinandipweteka mtima kwambiri. QoS 2 imaletsa kubwereza koteroko, kungoti imafuna mauthenga anayi opita ndi kubwera. Ine ndinakhalabe pa QoS 1, koma tsopano thumba lililonse limapatsidwa nambala yakeyake pa foni pomwepo, ndipo seva ikaiona kachiwiri imangoitaya.

RabbitMQ, yomwe inatuluka mu 2007, imatsata AMQP, ndondomeko yotumizira mauthenga imene John O'Hara anayambitsa ku banki ya JPMorgan Chase mu 2003. Khalidwe lake n'la kubanki ndithu. Mauthenga amaima pamzere, pulogalamu yolipira alimi imatenga umodzi, ndipo ikafa isanavomere kuti yamaliza, uthengawo umabwerera pamzere. Mukauza RabbitMQ kuti izisunga mauthengawo pa disiki, ngakhale malaiti azime simutaya kanthu. Koma kuilumikiza mwachindunji ku mafoni a kumadepoti kunandivuta, chifukwa imakonda netiweki yokhazikika.

Za Kafka, pulogalamu ina yonyamula mauthenga yochokera ku LinkedIn, musavutike nazo: imeneyo ndi lole, ife katundu wathu ndi wa pa ngolo.

Panopa mafoni amalankhula MQTT, ofesi imayendera mizere ya RabbitMQ. Mukayatsa plugin (chowonjezera) yake ya MQTT, seva imodzi yomweyo imalandira zonse ziwiri.