ABX Comparator ya foobar2000: kodi polarity ya masipika imamvekadi?

Pa nkhani ya polarity, kutanthauza mbali imene mawaya a + ndi − alumikizidwa ku sipika, anthu amasakaniza zinthu ziwiri. Sipika imodzi yokha ikalumikizidwa mosemphanitsa mawaya, aliyense amamva: besi imachepa, mawu a woimba amachoka pakati n'kumwazikana. Zimenezi sizilira pulogalamu. Chotsani mawaya ku ampulifaya, muwagunditse kamphindi pa batire ya 1.5V, waya wofiira ku +. Koni ya sipika yaikulu, mbali yake ija imene imanjenjemera potulutsa mawu, iyenera kukankhira kunja, pa sipika ya kumanzere ndi ya kumanja chimodzimodzi. Mkangano weniweni umabuka masipika onse awiri akasemphanitsidwa pamodzi, ndipo apa m'pamene ABX Comparator, kachigawo kaulere ka foobar2000, pulogalamu yoseweretsa nyimbo pa kompyuta, kamathandiza.

Kukonzekera n'kosavuta. Tsegulani nyimbo ya WAV kapena FLAC (mitundu ya mafayilo yosataya mbali ya mawu) mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, sankhani yonse, dinani Invert pansi pa Effect, musunge ngati fayilo yachiwiri; Invert imatembenuza mafunde a mawu, mofanana ndi kusemphanitsa masipika onse awiri. Musaisunge ngati MP3, chifukwa mungayambe kumva kusiyana kobwera ndi kupanikiza fayilo. Kutembenuzako sikusintha voliyumu, kotero palibe china chofunika kulinganiza. Mu ABX Comparator mafayilo awiriwo amakhala A ndi B, ndipo pulogalamuyi imabisa imodzi pa X kuti inu munene kuti ndi iti. Mukayesa ka 16, mulondole ka 12 kapena kuposerapo. Mwayi woti wongolota afike pamenepo ndi pafupifupi 4 pa 100. Kulondola ka 9 kapena 10 sikutanthauza kanthu.

Pali msampha umodzi umene pulogalamuyi sikuchenjezani, ndipo ndiwo ukuichotsera malikisi. Mukalumpha kuchoka pa A kupita pa X nyimbo ili mkati, mafunde otembenuzidwa amakumana ndi anzake, ndiye pamamveka ka "thi" kapena mawu amazimirira pang'ono. X akakhala yemweyo A, sipamveka kanthu. Munthu atha kukhoza 16 pa 16 pongotsata kaphokosoko, polarity osaimva n'komwe. Zimitsani Keep playback position, imene imapitiriza nyimbo pamene inali mukasintha fayilo, musankhe kachidutswa ka masekondi 5 kapena 10 koyambira pachete, kuti mukadina kaziyambiranso poyamba.

Voliyumu nayo imanamiza. Sipika ikakankhidwa kwambiri, koni siyenda mofanana potuluka ndi pobwerera, ndiye chimene mukumva chitha kukhala kupotoka kwa sipikayo. Yesani pa voliyumu yapakatikati.

Nanga zotsatira zake? Pa kamvekedwe kopangidwa dala, monga sawtooth (mafunde ooneka ngati mano a sowo) ya 100 Hz yochokera mu Audacity, makamaka pa mahedifoni, ena amakumva kusiyanako. Ng'oma yokha kapena lipenga lokha ndizo zoyenera kuyesera, poti mafunde ake amalemera mbali imodzi. Koma pa nyimbo ya zida zambiri, m'chipinda cha makoma obweza mawu, kusiyanako kumachepa kwambiri, kaŵirikaŵiri kumasoweratu. Ndiponso masipika ena amatuluka ku fakitale tweeter yake (kasipika ka mawu okwera) italumikizidwa mosemphana mwadala kuti igwirizane ndi crossover, kachipangizo kogawa mawu pakati pa sipika yaikulu ndi tweeter. Musaitembenuze poganiza kuti mukukonza.

Ngati muli ndi subwoofer, sipika ya besi yokha, kaswitchi ka 0 ndi 180 kumbuyo kwake n'kankhani kena. Kameneko kamasintha besi poonekera pafupi ndi 80 Hz pamene imalandirana ndi masipika, ndipo pulogalamuyi siingakayese chifukwa imangosinthanitsa mafayilo. Khalani pampando womvera, wina azitembenuza kaswitchiko, musiye pamene besi yadzaza.