Deta yolandiridwa mu libcurl: ku fayilo, mu memory, kapena kuigwiritsa ntchito pomwepo

Aliyense wogwiritsa ntchito libcurl, laibulale ya C yotumizira ndi kulandirira deta pa intaneti imene anayambitsa Daniel Stenberg wa ku Sweden, ayenera kusankha kumene deta yochokera ku seva ipite, chifukwa akapanda kutero laibulaleyi imangoitana fwrite n'kutayira zonse pa stdout, kumene pulogalamu imalembera zotuluka zake (kawirikawiri pa sikirini).

Njira yapafupi ndiyo kutsegula fayilo ndi fopen n'kuipereka ku CURLOPT_WRITEDATA. Pa fayilo yaikulu palibe njira imene imaposa imeneyi, popeza memory siidzaza. Chenjezo lake n'lakuti pa Windows, libcurl ikakhala DLL (laibulale yokhala m'fayilo yakeyake), muyenerabe kupereka callback yanu, ndiye kuti function imene libcurl imaitana chidutswa chilichonse cha deta chikafika, apo ayi pulogalamu ikhoza kugwa.

Ambiri amakonda njira yachiwiri, yolemba callback kudzera mu CURLOPT_WRITEFUNCTION imene imakulitsa buffer (malo osungira deta mu memory) ndi realloc mpaka yankho lonse litafika, ndipo apa m'pamene amapunthwa. Deta imene callback imalandira kudzera mu pointer ya ptr siithera ndi zero monga mmene string ya C imathera, choncho strlen iwerenga kupyola malire. Komanso callback iyenera kubweza chiwerengero chonse cha ma byte amene yapatsidwa, ndiye kuti size kuchulukitsa ndi nmemb, manambala awiri amene libcurl imaipatsa pamodzi ndi ptr. Inenso ndinabwezapo 0 poganiza kuti ndikunena kuti zonse zayenda bwino, monga tinazolowera mu C, ndipo ndinatha madzulo onse ndikulimbana ndi CURLE_WRITE_ERROR, nambala 23. Pa yankho laling'ono la JSON ndimasankha njira imeneyi, koma ndimaika malire a kukula kwa buffer, chifukwa seva ikhoza kutumiza kosalekeza.

Njira yachitatu, yowerenga chidutswa chilichonse chikangofika, siidya memory yambiri koma imafuna kusamala kwambiri. Chidutswa cha thupi la yankho sichipitirira CURL_MAX_WRITE_SIZE, yomwe nthawi zambiri ndi ma byte 16384, koma chikhoza kukhala byte imodzi yokha, ndipo chimadukira paliponse. Chilembo cha ŵ mu dzina lakuti Malaŵi chimatenga ma byte 2 mu UTF-8. Yoyamba ikhoza kubwera m'chidutswa ichi, yachiwiri m'chotsatira, ndipo pulogalamu imene siisunga zotsala idzaonetsa zilembo zosamveka. Ubwino wa njirayi ndi wakuti pulogalamu ikalemedwa, callback ikhoza kubweza CURL_WRITEFUNC_PAUSE, ndipo kulandira kumayambiranso mukaitana curl_easy_pause ndi CURLPAUSE_CONT. Njirayi ndimaitenga pokhapokha parser yanga, gawo la pulogalamu lomasulira detayo, ikakhala yotha kulandira deta pang'onopang'ono, monga mmene parser ya Expat imachitira ndi XML.