Makina oyeza thupi lonse afika kuchigwa cha Shire: kodi amapezadi muzu wa matenda?

Pa tsiku la msika ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula si zachilendonso kuona tebulo lokhala ndi laputopu, kabokosi kakang'ono ndi kachitsulo kogwira m'manja, kumbuyo kwake atandandalika mabotolo a mankhwala. Ena amachita lendi kachipinda ka sitolo, ena amaitanidwa ku magulu a banki mkhonde. Mawu awo ndi amodzimodzi: kuchipatala amangoziziritsa ululu, ife tikupezerani muzu wa matenda. Amene amakhamukirako ndi odwala matenda a mgonagona monga BP, shuga ndi nyamakazi, komanso aja amangoti "m'thupimu simukundikomera" chaka ndi chaka.

Maganizo ofunafuna muzuwa sanayambire kuno. Ku America amawatcha functional medicine, ndipo amene anawatchukitsa ndi Jeffrey Bland, yemwe anayambitsa Institute for Functional Medicine mu 1991. Mfundo yake ndi yakuti matenda okhalitsa sangogwa kumwamba: amachokera ku chakudya, tulo, nkhawa, ntchito, madzi ndi mpweya umene munthu amakhalamo. Ife ogwira ntchito za umoyo sititsutsana ndi mfundo imeneyi. Mkangano umabwera pa zoyeza zambiri ndi mankhwala owonjezera amene amagulitsidwa m'dzina lake popanda umboni, ndipo zimene zafika m'misika yathu ndi mbali yofooka kwambiri ya malonda amenewo.

Ntchito yake imayenda motere. Amakufunsani dzina, tsiku lobadwa, msinkhu ndi kulemera kwanu, n'kulemba m'kompyuta. Mumafumbata kachitsulo kwa mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono, mizere n'kumavina pa sikirini. Kenaka pamatuluka lipoti la masamba ambirimbiri m'Chingerezi: mtima, chiwindi, impso, mafupa, mavitamini, "poizoni wa m'magazi", chilichonse ndi nambala yake ndi mtundu wake, wobiriwira, wachikasu kapena wofiira. Pa bokosi nthawi zambiri pamalembedwa Quantum Resonance Magnetic Analyzer. Magazi sanatengedwe, mkodzo sunaonedwe, ngakhale lamba wa BP sanakumangeni. Chitsulo chokhudza khungu la chikhatho sichingadziwe mafuta a m'magazi kapena mmene impso zikusefera, ndipo palibe labotale ya chipatala imene imagwiritsa ntchito makina amenewa. Mukafuna kudzionera nokha, pemphani kuti akuyezeni kawiri motsatana, kachiwiriko alembe dzina lina ndi zaka zina, n'kufananiza mapepalawo. Dzanja ndi lomwelo, ndiye ngati chiwindi chasintha m'mphindi zisanu, mwadziwa kumene manambala akuchokera.

Chabwino chilipo, ndipo tisachibise. Woyezayo amakhala nanu pansi, amakutchulani "mayi" kapena "bambo", amafunsa za kadyedwe ndi kagonedwe kanu, samayang'ana mzere wa anthu panja. Amene anaimapo pa mzere wa chipatala cha boma m'mawa wa Lolemba akudziwa chifukwa chake zimenezi zimakoka mtima. Malangizo ena ndi olondolanso: chepetsani shuga mu tiyi, siyani kachasu, idyani masamba. Koma amenewa alangizi a zaumoyo amapereka ulele m'mudzi.

Vuto lalikulu ndi lakuti chigwa chino chili ndi mizu yakeyake ya matenda, yodziwika bwino, ndipo pa lipoti lija simudzaipeza.

Woyamba ndi likodzo. Aliyense amene amasamba, kuchapa, kuwedza kapena kulima mpunga m'madzi a Shire, a Elephant Marsh, a dambo la Ndindi kapena m'ngalande za mthirira ali pa chiopsezo. Anthu amaliona ngati matenda a ana okodza magazi, koma nyongolotsi zake zimakhala m'mitsempha ya magazi zaka zambiri, zikuikira mazira. Mtundu wa m'chikhodzodzo umalimbitsa khoma lake, umatseka njira zochokera ku impso mpaka impsozo kutupa, ndipo ukhoza kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Kwa amayi umabweretsa zilonda ku chiberekero, chikazi, kupweteka pogonana ndi kuvuta kutenga pakati, zimene kawirikawiri zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Mtundu wa m'matumbo umaumitsa chiwindi. Kapamba amakula, mimba imadzaza madzi, ndipo tsiku lina munthu amasanza magazi. Kuyeza kwake n'kosavuta: kapepala koviika mu mkodzo kamasonyeza magazi osaoneka ndi maso, ndipo mazira amaoneka pa maikulosikopu. Mkodzo wabwino kupereka ndi wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, chifukwa ndi nthawi imene mazira amatuluka ambiri. Wa m'matumbo amayeza chimbudzi. Mankhwala ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kotero munthu wa makilogalamu 60 amamwa mapiritsi 4 a mamiligalamu 600, atadya kaye kuti asachite chizungulire ndi nseru. Sateteza kutenganso. Msodzi kapena mlimi wa kudimba amene abwerera m'madzi omwewo ayenera kumwanso nthawi ina, ndiye pamene mankhwala akugawidwa m'sukulu ndi m'midzi akulu asamati ndi za ana.

Wachiwiri ndi mchere, umene umakweza BP, ndipo kuno umalowa pawiri. World Health Organization imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza mulu, kuwerengera wonse: wa m'ndiwo, wa pa nsomba zouma, wa pa nyama yootcha ya pa msika ndi wa m'timakyubu tokometsera. Koma m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje madzi a pa mjigo amakhala a mchere kale, moti munthu amamwa mchere asanakhudze ndiwo. Mijigo ina ili ndi fluoride wochuluka kupitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, ndipo chizindikiro chake ndi mano a ana ofiirira. Akachulukitsa zaka zambiri amaumitsa mafupa ndi msana. Apa anthu amalakwitsa poganiza kuti kuwiritsa kapena kuthira klorini kuthetsa vutoli. Njira ziwirizi zimapha tizilombo basi, ndipo kuwiritsa kumawonjezera mchere chifukwa madzi ndiwo amauluka. Chothandiza ndi kutunga madzi akumwa pa mjigo kapena mpopi wosawawa, ngakhale uli patali, n'kusiya wa mcherewo kuti ukhale wochapira.

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa. BP yokwera nthawi zambiri sipweteka, ndiye iyenera kuyezedwa, ndipo kayezedwe kake kali ndi malamulo amene ngakhale m'zipatala amaphonyedwa pakakhala piringupiringu. Khalani pansi mphindi 5, msana wotsamira, mapazi pansi, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima, musanasute fodya kapena kumwa khofi kwa mphindi 30. Amene wangotsika pa njinga kuchokera ku Makhanga dzuwa lili pamutu apume kaye. Lamba wamng'ono pa mkono wonenepa amakweza nambala monama. Ayeze kawiri, ndipo ngati ili 140/90 kapena kuposa, abwerezenso tsiku lina asanagamule. Ikafika 180/110, makamaka mutu ukupweteka kapena maso akuchita chidima, si ya mawa.

Shuga amayezedwa ndi dontho la magazi a pa chala mutakhala maola 8 osadya. Kuyambira 126 mg/dL, kapena 7.0 pa makina owerenga mmol/L, ndi matenda a shuga ngati zabwerezedwa. Ngati mwadya, malire ndi 200 kapena 11.1 pamodzi ndi ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda. Funsani muyezo umene makinawo akuwerenga, chifukwa 11 ndi 200 ndi chinthu chimodzi. Kuyeza kwa HbA1c, kosonyeza mmene shuga wakhalira m'magazi miyezi ingapo yapitayo, kumene malire ake ndi 6.5 peresenti, n'kwabwino koma kumanamiza mwa munthu wochepa magazi kapena wa sickle cell, ndipo kuchepa magazi kuno n'kofala chifukwa cha malungo obwerezabwereza, njoka za m'mimba ndi likodzo lomwe lija. Mayi amene amangotopa, mtima n'kumagunda akakwera kachitunda, ayambe wayezetsa Hb, muyezo wa kuchuluka kwa magazi: pansi pa 12 kwa amayi ndi 13 kwa abambo ndiye kuti magazi achepa, ndipo funso lotsatira ndi lakuti akuthera kuti.

Kutentha nakonso ndi muzu. Mu Okutobala ndi Novembala kuchigwa kumapitirira madigiri 40. Ku Nicaragua ndi El Salvador odula nzimbe ambiri anapezeka ndi matenda a impso opanda shuga kapena BP, ndipo ofufuza amaloza kwambiri ntchito yolemetsa pa dzuwa ndi kuchepa kwa madzi m'thupi tsiku ndi tsiku. Wa kabaza, woumba njerwa ndi wolima thonje wa kuno thupi lake ndi lomwelo. Choipitsitsa n'chakuti madzulo, msana ukuwawa, amagula bufeni, indosidi kapena diclofenac pa okala n'kumwa m'thupi mouma kale, ndipo mankhwala amenewa amachepetsa magazi opita ku impso. Pa ntchito ya pa dzuwa imwani kapu ya madzi mphindi 20 zilizonse osadikira ludzu, pumulani pa mthunzi, ndipo mkodzo ukhale woyera, osati wonga tiyi. Impso zimayezedwa ndi creatinine m'magazi ndi puloteni mu mkodzo. Zikafa, makina osefa magazi muyenera kukawapeza ku Blantyre.

Palinso chuku. Madzi akasefukira, monga nthawi ya anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, chimanga ndi mtedza zimasungidwa zisanaume. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saphedwa ndi kuphika, kukazinga kapena kufulula. Akakumana ndi kachilombo ka hepatitis B m'chiwindi chimodzi, chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kwambiri. Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya ana m'Malawi mu 2002, kotero obadwa kale sanamulandire ali makanda ndipo ndi bwino kuyezetsa magazi. Umitsani mbewu pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi, sanjikani matumba pa mitengo kutali ndi khoma, ndipo mtedza wofota, wowawa kapena wobiriwira mkati utayidwe, usasanduke nsinjiro. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera umawononga mapapo a amayi pang'onopang'ono; koma chifuwa chopitirira masabata 2 chiyambe chayezedwa makhololo a TB.

Tibwerere pa tebulo lija, chifukwa ndalama zenizeni zili m'mabotolo. Kuyeza n'kotchipa, nthawi zina kwaulele, koma malo ofiira pa lipoti aliwonse ali ndi botolo lake, ndipo amati mumwe miyezi itatu kuti muone kusintha. Tiyi "wotsuka m'thupi" kawirikawiri amakhala ndi senna, amene amangotsegula m'mimba. Kwa agogo amene akumwa mankhwala a BP a hydrochlorothiazide m'nyengo yotentha, madzi ndi potaziyamu zimatha m'thupi n'kufooka kapena kukomoka. Mankhwala ena "achilengedwe" a nyamakazi apezekapo m'maiko ambiri atasakanizidwa mobisa ndi dexamethasone: ululu umatha msanga, koma nkhope imatupa, shuga ndi BP n'kukwera, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsanso. Amene ali pa ma ARV a TLD asamale kwambiri ndi mapiritsi a calcium, iron, magnesium kapena zinc, chifukwa amagwira dolutegravir, mmodzi mwa mankhwala a mu TLD, m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Ngati n'zofunikadi, imwani ARV maola 2 musanamwe mapiritsiwo kapena maola 6 mutamwa. Botolo lolembedwa St John's wort musaliyandikire n'komwe, limafooketsa ma ARV ndi mapiritsi olera.

Choopsa kuposa zonse ndi mawu akuti "siyani a kuchipatala aja, ndi makemikolo". Amlodipine wa BP kapena metformin wa shuga akasiyidwa, munthu amamva bwino masabata angapo chifukwa matendawa sachita phokoso, kenaka n'kufa ziwalo mbali imodzi kapena chilonda cha pa phazi n'kukana kupola. Woyeza amene wanena mawu amenewa mufunseni chiphaso chake cha Medical Council of Malawi, ndipo za mabotolo mufunse ngati Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ikuwadziwa.

Chigamulo chathu: ulemu ndi nthawi zilipo, kuyeza kulibe, ndipo mabotolo ndi odula kuposa phindu lake. Ndalama imeneyo ikhale ya kabaza kapena minibasi yopita ku chipatala cha boma cha Chikwawa kapena Nsanje, ku Ngabu, ku Montfort ku Nchalo kapena ku Trinity ku Muona. Pitani m'mawa musanadye, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, ndipo mupemphe BP, shuga, Hb, mkodzo ndi HIV, kuwonjezera creatinine ndi hepatitis B kumene zilipo. Adokotala akhoza kukhala ndi mphindi zochepa, ndiye musadikire kufunsidwa: nenani nokha kumene mumatunga madzi, ngati mumalowa m'dambo, ntchito imene mumagwira pa dzuwa, mowa ndi fodya, ndi matenda amene anatenga makolo anu. Mabotolo onse amene mukumwa, a pa msika ndi a kwa asing'anga omwe, muwanyamule m'jumbo kuti awaone okha.