Masokosi a ulusi wotsala: mizere, Fair Isle kapena kudumphitsa masitichi?

Aliyense woluka majuzi a sukulu ndi zipewa za ana amakhala ndi jumbo la timipira totsala, aka kofiira, aka kobiriwira, kosakwana chilichonse pakokha. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukafika kuno ku Mzuzu, timipira timeneti timatulutsa masokosi abwino ndithu. Nkhani ili pa kaikidwe ka mitundu, chifukwa njira zitatu zodziwika sizidya ulusi mofanana, ndipo phazi silizimva mofanana.

Yambani ndi sikelo. Masokosi awiri a munthu wamkulu, ofika pamwamba pa kakolo, amafuna magalamu 70 mpaka 100. Kampira kalikonse kapimeni n'kukagawa pawiri, theka la sokosi iyi, theka la inayo. Mukapanda kutero, yoyamba imatha bwino, yachiwiri mtundu n'kukutherani pachidendene. Ulusi wopyapyala wa 4-ply umafuna singano za mamilimita 2.5 ndi masitichi 60 kapena 64. Wa DK, uja wa majuzi, umafuna singano za 3.5 ndi masitichi 44 mpaka 48. Awiriwa musawasakanize m'sokosi imodzi, imatuluka pena potupa pena pothina.

Mizere ndiyo njira yosavuta. Mumaluka mtundu umodzi kuzungulira kanayi kapena kasanu, n'kusintha. Sokosi imatanuka bwino, ndipo ngakhale kampira ka magalamu 5 kamapeza pokhala. Mavuto ake ndi awiri. Pamene mitundu ikumana pamaoneka kakhwerero, poti kuluka mozungulira kumakwera ngati chigoba cha nkhono. Mankhwala ake: lukani mtundu watsopanowo kuzungulira kamodzi, ndipo poyamba kachiwiri sitichi yoyambayo ingoisamutsirani pa singano inayo osailuka. Vuto lina ndi michira ya ulusi yochuluka. Musamange mfundo, makamaka kupansi kwa phazi, zimatulutsa matuza munthu akavala nsapato. Siyani mchira wa masentimita 10, muusokerere mkati ndi singano yobuntha.

Fair Isle, yomwe dzina lake ndi la kachilumba ka ku Shetland, ku Scotland, ndiyo imakopa maso. Mitundu iwiri imayenda limodzi mumzere umodzi, wina ukulukidwa, wina ukudutsa kumbuyo. Sokosi imakhala yochindikala kawiri, yofunda kwambiri. Koma imadyanso ulusi wambiri kuposa mizere, ndiye kwa munthu wa timipira ting'onoting'ono ndi msampha. Choopsa chachikulu ndi ulusi wodutsa kumbuyowo. Sutanuka. Mukaukoka pang'ono chabe, sokosi imaoneka bwino pa singano koma imakana kudutsa pachidendene, ntchito ya sabata yonse n'kukhala yomasula. Pofuna kupewa zimenezi, onjezerani masitichi, 64 akhale 72, kapena tengani singano zokulirapo pang'ono pagawo la maluwalo. Tambasulani masitichi a pa singano ya kumanja musanadutsitse mtundu wina. Ena amaluka sokosi itatembenuzidwa, ulusi wodutsawo uzizungulira kunja kumene njira yake imatalikirapo. Ndipo ulusi wodutsawo usadumphe masitichi oposa asanu osaukola, apo ayi zala zimakodwamo povala. Kumbukiraninso mvula yamawawa ya kuno: sokosi yochindikala chonchi imachedwa kuuma pa chingwe.

Njira yachitatu, yodumphitsa masitichi, ambiri saidziwa, komatu ndiyo yoyenerana kwambiri ndi ulusi wotsala. M'manja mumakhala mtundu umodzi basi. Mumaluka wakuda kuzungulira kawiri, kenako woyera kawiri, koma ndi woyerawo mumaluka masitichi atatu, yachinayi n'kuisamutsa osailuka, ulusi uli kumbuyo. Sitichi yakudayo imatalika n'kudula mzere woyerawo, pamatuluka timabokosi ngati njerwa za khoma. Masitichi 64 ndi 48 onse amagawika bwino ndi 4. Kutanuka kwake kuli pakati pa njira ziwiri zija. Imafupika msanga m'litali, choncho yesani ndi tepi, osadalira kuwerenga mizere. Khalani ndi mtundu umodzi wochuluka woyenda sokosi yonse, winawo muzisintha kampira kakatha, ndipo zotsala zija zimaoneka ngati munachita kuzisankha m'sitolo.

Pa njira zonsezi, chidendene ndi kuzala lukani ndi mtundu umodzi, ulusi wolimba kuposa wonse m'jumbomo. Wa masokosi weniweni umakhala 75 peresenti ubweya wa nkhosa ndi 25 peresenti nayiloni. Ngati mulibe, phatikizani ulusi wosokera wa poliyesita pamalo amenewa. Akiriliki ndi wotchipa, sachita manyazi ndi sopo, koma amasunga thukuta ndipo amatayirira. Wa ubweya umafunda ngakhale utanyowa pang'ono, koma m'madzi otentha umakhwinyata, ndiye ukasakanizidwa ndi akiriliki mizere ina imafupika ina n'kukhala momwemo. Kuti mudziwe, otchani kachidutswa: wa ubweya umanunkha tsitsi lopserera n'kusanduka phulusa, akiriliki amasungunuka n'kusiya kambulu kolimba.

Ngati ulusi ndi womasula ku juzi ya pa kaunjika, onani msoko musanagule. Ya msoko wodulidwa ndi makina imangotulutsa tizidutswa tatifupi. Womasulawo umakhala wopotanapotana. Ukulungeni pamsana wa mpando, muumange malo anayi, muunyike m'madzi ozizira, muuyanike pamthunzi. Wofiira upakeni pa nsalu yoyera yonyowa, muone ngati usuluka.

Chotsala ndi koyambira. Kuyamba kumwamba n'kozolowereka, koma ndi ulusi wopereweza yambani kuzala, phazi lithe kaye, mwendo muutalikitse mpaka pamene ulusi walekeza. Kungoti potseka kumwambako gwiritsani ntchito singano yokulirapo ndipo musakoke, mkombero wothina umasiya mzere pamwendo.