Kuimba matebulo, zitsekerero za mabotolo, kapena masamu osakaniza: iti imathandiza mwana?

Anzanga aphunzitsi a Sitandade 3 ndi 4, ndi inu makolo amene mumakhala pakhonde madzulo kuthandiza ana ntchito ya kusukulu, tiyeni tiyerekeze njira zitatu zophunzitsira kuchulukitsa ndi kugawa. Zonse ndazigwiritsapo ntchito. Chondilembetsa ndi kope la mtsikana wina wa m'kalasi mwanga. Funso linali lakuti: "Mayi ali ndi tomato 24 ndipo akuunjika milu ya tomato 4. Apanga milu ingati?" Iye analemba 96. Mwanayu tebulo la 4 amaliimba osaphonya. Nditamuyitana kuti andifotokozere, anati, "Madamu, sabata ino tikuchita zochulukitsa." Sananame. Masamu onse a sabata imeneyo anali ochulukitsa, ndipo iye anazolowera kuchulukitsa manambala awiri aliwonse amene waona, osawerenga funso.

Njira yoyamba ndi imene ambirife tinaphunzira nayo: kuimba matebulo kalasi yonse pamodzi, kenako masamu 20 ochulukitsa pabolodi, sabata yotsatira 20 ogawa. Sindiinyoza. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu ndi odzaza, ndipo njira iyi sifuna kanthu kupatula choko ndi mawu. Kuchonga kumafulumira. Mwana amene 7 × 8 = 56 ali nayo m'mutu sataya nthawi kuwerenga zala. Vuto lake ndi lija la mtsikana uja: mutu wa phunziro umamuuziratu mwana chochita, ndiye luso losankha yekha silikula.

Njira yachiwiri ndi ya zinthu zogwirika, ija aphunzitsi timaitchula kuti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu: zitsekerero za mabotolo, timiyala, njere za chimanga. Apa ndi pamene tanthauzo limalowa. Ndimapatsa gulu zitsekerero 24 n'kunena kuti azindandalike mizere 4. Amapeza kuti mzere uliwonse uli ndi 6. Akayang'ana kuchokera m'mbali amaona mizere 6 ya zitsekerero 4. Pa mndandanda umodzi womwewo pakutuluka 4 × 6, 6 × 4, 24 ÷ 4 ndi 24 ÷ 6, ndipo mwana amaona ndi maso kuti kugawa n'kubwerera m'mbuyo pa njira imene kuchulukitsa kunadutsa. Bawo limachitanso zomwezo: mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32.

Zitsekerero zimaonetsanso chinthu chimene ambiri timachidumpha, kuti kugawa kuli pawiri. Pali kugawana: mandasi 24, ana 6, aliyense alandira angati? Pali kuunjika milu: tomato 24, mulu uliwonse 4, milu ingati? Ana amadziwa kugawana kuyambira kunyumba, koma za milu zimawasokoneza papepala, ngakhale amene amathandiza amayi awo kugulitsa pamsika. Pogwira zinthu, kusiyanaku kumaoneka msanga. Kuipa kwake, njirayi imadya nthawi, zitsekerero zimasowa tsiku ndi tsiku, ndipo manambala akakula, monga 144 ÷ 12, sizithandizanso. Mwana wongodalira zitsekerero amakakamira pamenepo.

Njira yachitatu ndi kusakaniza, ndipo ine ndili mbali yake. Pa ntchito imodzi, funso loyamba lochulukitsa, lachiwiri logawa, lachitatu logawanso, lachinayi lochulukitsa, popanda dongosolo loti mwana angalosere. Ndimakonda kuika mafunso awiri ofanana maonekedwe moyandikana: "Ana 6 ali ndi mapensulo 3 aliyense, onse pamodzi ndi angati?" ndi "Mapensulo 6 agawidwa kwa ana 3, aliyense alandira angati?" Manambala ndi omwewo, mawu akuti "aliyense" alimo monsemo. Amene anauzidwa kuti akaona "aliyense" azigawa amagwa pa funso loyamba, ndipo n'chifukwa chake ndinasiya kuphunzitsa mawu ozindikirira ngati amenewo. Mwana aziona nkhaniyo m'maganizo: kodi chonse ndikuchidziwa kale, kapena ndicho ndikufuna?

Tsiku loyamba mukasakaniza, malikisi amatsika, ana amadandaula, ndipo mphunzitsi umakayika ngati ukuphunzitsa bwino. Musabwerere. Doug Rohrer wa ku University of South Florida anafufuza zimenezi pa ana a sukulu, ndipo anapeza kuti ochita masamu osakaniza amakhoza bwino mayeso obwera pambuyo pake kuposa ochita mtundu umodzi nthawi imodzi. Komanso taganizani: pepala la MANEB la Sitandade 8 silidzalemba pamwamba pa funso kuti "apa chulukitsani".

Koma kusakaniza kukafulumira kumavulaza. Mwana amene sanamvetse kuti kugawa n'chiyani amangolota mayankho, n'kuyamba kudana ndi masamu. Choncho ine ndimayamba ndi zitsekerero masiku angapo, matebulo timaimba mphindi 5 m'mawa uliwonse, koma mobwerera m'mbuyonso: ndikati "42 kugawa ndi 7", ayankhe 6 mofulumira ngati mmene amayankhira 6 × 7. Ikatha sabata yachiwiri, ntchito yonse yolemba imakhala yosakaniza mpaka teremu ithe.

Kwa a makalasi apamwamba, pamene zizindikiro ziwirizi zikumana pa mzere umodzi, monga 24 ÷ 4 × 2, aphunzitseni kuyambira kumanzere kupita kumanja: yankho ndi 12. Ambiri amayamba ndi 4 × 2 chifukwa ndiyo yophweka, n'kupeza 3.

Mtsikana uja ndinamupatsa zitsekerero 24 kuti aunjike milu ya 4 patebulo langa. Anawerenga milu 6, n'kuyang'ana 96 wake m'kope, n'kufufuta yekha ndisanalankhule. Funso lotsatira linali lochulukitsa, ndipo asanagwire pensulo analiwerenga kawiri.